Ka hamster koyenera mwana kuno ku Salima

Mayi, mwafunsa kuti pa mitundu itatu ya ti hamster ting'onoting'ono (tinyama toweta tofananako ndi mbewa) imene wogulitsa wakutchulirani, Campbell, Winter White ndi Roborovski, musankhe uti woti mwana wanu wa zaka 8 azisamalira. Tengani Winter White, kanyama kamodzi kokha. Koma musanapereke ndalama onani kaye chipinda chimene kazikhalamo, chifukwa kuno kwathu kunyanja vuto lalikulu ndi kutentha.

Tinyama timeneti kwawo ndi ku Mongolia, Siberia, Kazakhstan ndi kumpoto kwa China. Timakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 24, ndipo kukamayandikira 30 timayamba kuvutika. Inu mukudziwa mmene Salima amawotchera mu Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Musanyengeke kuti Roborovski, poti ndi wa m'chipululu cha Gobi, apirira. Kwawoko masana amakhala pansi pa nthaka pozizira, amatuluka dzuwa litalowa. Choncho khola liikeni pansi pa simenti, m'chipinda chozizira kuposa zonse, kutali ndi zenera. M'katimo ikani kamphika kadothi kogoneka chammbali ndi kathailosi kamodzi koti kazigonapo. Masana otentha kwambiri, kulungani botolo la madzi oundana m'kansalu n'kulitsamiritsa kunja kwa khola. Mukakaona katagona chafufumimba, kakupuma mofulumira, kukamwa kuli dovu, kasunthireni pozizira msanga, koma osakaviika m'madzi. Ngati m'nyumba mulibe malo otere, kuli bwino kusiya.

Winter White tamusankha chifukwa ndi wofatsako. Amatalika masentimita 8 mpaka 10, ndipo akazolowera amakwera yekha pachikhatho. Mwana asayembekezere kuti kasanduka koyera monga dzina likunenera. Ubweya umayera masana akafupika kwambiri m'nyengo yozizira ya kwawo, pomwe kuno kutalika kwa masana sikusintha kwambiri chaka chonse.

Campbell amafanana naye kwambiri, koma amakonda kuluma dzanja likalowa m'khola mwake, komanso amadwala shuga kawirikawiri. Mitundu iwiriyi imaberekerana, moti ambiri ogulitsidwa ndi osakanizika ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi Winter White weniweni. N'chifukwa chake kalikonse mwa tiwiriti muzikadyetsa ngati kodwala shuga kale: osakapatsa mango, nthochi, nzimbe kapena uchi. Shuga amadziwika ndi kumwa madzi pafupipafupi, kukodza kwambiri ndi kuonda pamene kakudya bwino. Nthawi zina nyerere zimaunjikana pakona pamene kamakodzera.

Roborovski ndiye wamng'ono kuposa onse, masentimita 5 okha, wolemera magalamu 20 mpaka 25, wa timadontho toyera pamwamba pa maso, wopanda mzere wakuda pamsana. Amatha kufika zaka 3, pamene enawo ambiri amathera pa ziwiri. Kuonerera ndiye kosangalatsa zedi, koma si woti mwana azinyamula. Liwiro lake ndi loopsa, akapulumuka m'manja n'kulowa kuseri kwa kabati mudzasuntha katundu yense wa m'nyumba. Wina akakutsatsani wa mtundu wa Chinese, wa thupi lalitali ndi mchira wooneka, nayenso ndi wofatsa koma wamanyazi, ndipo shuga samusiya. Komanso ndi amene anansi adzamutche mbewa tsiku lomwelo.

Tikunenetsa kuti mugule kanyama kamodzi kokha. Ogulitsa amakonda kunena kuti tiwiri timasangalatsana, koma tikakula timatha kumenyana usiku mpaka kuphana. Kakakhala kakakazi ndi kakamuna, bere ndi la masiku 18 mpaka 21 okha, ndipo kakakazi kamatha kutenganso bere tsiku lomwe kabereka.

Timakhola tawaya tokongola timene timabwera ndi kanyamako n'tating'ono. Pansi pa khola pakhale masentimita 100 m'litali ndi 50 m'lifupi. Chibokosi chachikulu cha pulasitiki chimagwira ntchito: dulani pakati pa chivindikiro, mumangepo waya wa maso osaposa mamilimita 6. Wayayo amalowetsa mpweya, amatchinganso mphaka ndi makoswe. Pansi thirani mapepala oyera ofewa, ong'ambang'amba, kuya kwake masentimita 20 kuti kazikumba una. Utuchi wa paini kapena mkungudza wa kwa kalipentala ayi, fungo lake ndi fumbi zimawononga mapapo. Thonje nalonso ayi, limakulunga timiyendo ndipo kakameza limatseka matumbo. Gudumu lothamangiramo likhale la masentimita 20 kapena kuposa, lopanda mipata. Laling'ono limapinditsa msana.

Kanyamaka sikasamba madzi, kamasamba mchenga. Wa ku Senga Bay ndi wabwino, bola muusefe, muutsuke mpaka madzi ayere, muuyanike, kenako muukazinge pachiwaya kuti tizilombo tife. Ukazizira thirani m'kambale kakuya.

Chakudya ndi supuni imodzi yodyera patsiku: mapira, mawere, nthanga zochepa za maungu ndi za mpendadzuwa, zonse zopanda mchere. Onjezerani kachidutswa ka nkhaka kapena katsamba ka repu, ndi kadzira kowiritsa kangati nyemba kawiri pa sabata. Mtedza wachuku ndi poizoni. Kamabisa chakudya m'masaya n'kukasunga pakona, ndiye nthawi ya dzinja muzifufuza nkhokwe yakeyo masiku awiri alionse n'kuchotsa zonyowa zisanachite nkhungu.

Pogula pitani chakumadzulo, tinyamato tikadzuka. Sankhani ka maso owala, kouma kumatako, kosatuluka mamina m'mphuno, ka masabata osachepera 5. Ngati mukukatenga ku Lilongwe, nyamukani nako m'mawa mwake kusanatenthe, kabokosi kakhale pamiyendo, kutali ndi zenera la minibasi, ndipo muikemo kachidutswa ka nkhaka m'malo mwa madzi. Mukafika kasiyeni masiku atatu osakagwira. Pambuyo pake mwana ayambe ndi kuika nthanga pachikhatho madzulo, ndipo pokanyamula azikhala pansi pamkeka, chifukwa kakagwa kuchokera m'manja mwa mwana woimirira kamatha kuthyoka.