Bizinesi za "bweretsani anzanu" zidachokera kuti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, mphunzitsi wa ku pulayimale. Mlamu wawo sakuwapatsa mpata, akufuna kuti alowe network marketing: agule katundu woyambira, monga khofi, sopo ndi mankhwala owonjezera mphamvu m'thupi, kenako akope anzawo kuti alowe pansi pawo. Adapita ku msonkhano pa loji ina ku Katoto, komwe mnyamata wovala suti adati bizinesi zotere zidayamba kalekale ku America, ndiye sizingakhale zakuba. Mayiwa akufunsa ngati n'zoona kuti n'zakale, komanso kuti zidayenda bwanji mpaka kufika ku Mzuzu kuno.

Mayi, za zakazo mnyamatayo sadaname. Kungoti nkhaniyo adakudulirani pakati.

Kugulitsa malonda khomo ndi khomo n'kwakale ndithu. Mu 1886 ku New York, David McConnell, yemwe ankayenda m'makomo kugulitsa mabuku, adaona kuti azimayi ankakonda perefyumu amene ankawapatsa ngati basera kuposa mabukuwo. Adayambitsa California Perfume Company, imene pambuyo pake idadzatchedwa Avon. Nthawi imeneyo zinthu zidali zowongoka: wagulitsa, walandira gawo lako, sudagulitse, palibe chako.

Kusintha kudabwera mu 1945. Carl Rehnborg adali ndi kampani ya mavitamini ku California yotchedwa Nutrilite, ndipo amuna awiri, Lee Mytinger ndi William Casselberry, adatenga ntchito yofalitsa katunduyo. Iwowa ndiwo adatchukitsa dongosolo loti wogulitsa asamangodya pa zimene wagulitsa yekha, koma azidyanso pa zimene agulitsa anthu amene iye wawalowetsa, ndi amene alowetsedwa ndi anthuwo. Za upline (amene adakulowetsani ndi a pamwamba pake) ndi downline (amene mwawalowetsa ndi a pansi pawo) zimene mudamva ku Katoto zidamera pamenepa.

Taonani bwino amene dongosololi lidamukomera. Kampani siilipira lendi ya sitolo. Siilipira malipiro a pamwezi, penshoni kapena tchuthi cha odwala, chifukwa ogulitsawo si antchito ake. Siilipira otsatsa malonda, poti aliyense akutsatsa kwa abale ake. Ngakhale kuphunzitsa atsopano akuchita ndi ogulitsa omwewo, ndi thiransipoti yawo. Ndipo katundu akangochoka kunkhokwe kupita m'manja mwa wogulitsa, kampani yalandira kale ndalama zake, kaya katunduyo agulidwa kaya awolera pansi pa bedi. Makampaniwa adakula msanga chifukwa chimenechi: zowawa zonse za geni adazisenzetsa wogulitsa.

Awiri mwa ogulitsa a Nutrilite, Jay Van Andel ndi Richard DeVos, adaona patali. Mu 1959 adayambitsa Amway ku Ada, m'chigawo cha Michigan, ndipo adayamba ndi sopo wamadzi wotsukira m'nyumba. Amway idakula mpaka kudzameza Nutrilite yomweyo. M'zaka zomwezo Tupperware idatchuka ndi maphwando a m'makomo amene Brownie Wise adawalimbikitsa, azimayi akuonetsana makontena a pulasitiki pamene akumwa tiyi. Mu 1963 Mary Kay Ash adayambitsa yake ya zodzoladzola ku Dallas. Ambiri olowa adali azimayi apakhomo amene ntchito zolembedwa sizinkawalandira, ndipo mpaka lero azimayi ndiwo ochuluka m'mabizinesiwa.

Boma la America silidangoyang'ana. Mu 1975 bungwe la FTC, loona kuti malonda akuchitika mwachilungamo, lidagamula kuti kampani ya Koscot idali piramidi, chifukwa anthu ankalipira kuti apeze mwayi wolowetsa ena ndi kudya pa kulowa kwawoko, osati pa malonda enieni. Amway nayo idazengedwa mlandu, koma mu 1979 idapulumuka. FTC idati si piramidi chifukwa idali ndi malamulo atatu: wogulitsa agulitse 70 peresenti ya katundu amene watenga kuti alandire bonasi, agulitse kwa makasitomala osachepera 10 pamwezi, ndipo katundu wotsala wa munthu amene wasiya azigulidwanso. Chigamulo chimenechi ndicho chidatsegula chipata. Aliyense wofuna kuyambitsa kampani yotere ankangokopera malamulo atatuwa papepala. Ngati amatsatidwa kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina.

Forever Living, ya aloe vera ija, idayamba mu 1978 ku Arizona. Herbalife idayamba mu 1980 ku Los Angeles, Mark Hughes akugulitsa mankhwala ochepetsa thupi kuchokera m'buti ya galimoto. Msika wa ku America utayamba kudzaza, onsewa adawoloka nyanja. Kudzazako si ngozi ayi, ndi mmene bizinesiyi idapangidwira: iyenera kupeza anthu atsopano nthawi zonse. Ku China zidafika poipa moti mu 1998 boma lidaletsa malonda onse a mtundu umenewu. Mu 2005 lidalolanso kugulitsa khomo ndi khomo, koma kudya pa anthu a pansi pako kudakhalabe koletsedwa. Ku Asia komweko kudabadwanso makampani ake, monga Tiens ya ku Tianjin ndi AIM Global ya ku Philippines, ndipo amenewa adayang'ana kwambiri ku Africa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuona, mungoyenda pa depoti kapena pa Taifa Market masana. Achinyamata omaliza ku Mzuni ali ndi mapepala koma ntchito palibe. Aphunzitsi ndi anamwino malipiro amawathera mwezi uli pakati. Komanso ife timadalirana: kumpingo, ku banki mkhonde, pa chipereganyu cha kuntchito, kumaliro. Kukana mlamu kapena amayi a mvano n'kovuta kuposa kukana munthu wachilendo. Kale pankafunika holo ndi basi. Lero WhatsApp ndi Facebook zikugwira ntchitoyo, ndalama n'kumayenda pa Airtel Money.

Tsopano tiwerengere limodzi, poti inu masamu mumaphunzitsa. Tinene kuti aliyense alowetse anthu 5, monga amanenera m'misonkhano. Mzere woyamba 5, wachiwiri 25, wachitatu 125. Pofika mzere wa 8, pakufunika anthu 390,625. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Mzuzu yonse ili ndi anthu pafupifupi 221,000, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Mzere wa 11 ukufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene Malawi yense pa kalembera yemweyo adali ndi 17.5 miliyoni. Pa nthawi iliyonse, anthu ambiri m'dongosololi amakhala ali pamzere wapansi, opanda wina pansi pawo. Amatiuza kuti olephera ndi aulesi, koma ngakhale onse atalimbikira usiku ndi usana, masamuwa sasintha.

Ngakhale makampani akuluakulu sadapulumuke funso limeneli. Mu 2016 Herbalife idavomera kulipira madola 200 miliyoni kuti abwezedwe kwa ogulitsa ake ku America, ndipo idalamulidwa kusintha kalipiridwe kuti bonasi izichokera pa malonda enieni ogulitsidwa kwa makasitomala. FTC idati ambiri mwa ogulitsawo ankapeza zochepa kwambiri kapena osapeza kanthu. Kampaniyo idali ndi zaka 36 panthawiyo. Ndipo mu 2024 Tupperware, dzina lakale lija, idapita kukhoti ku America kukanena kuti ngongole zaikulira. Zaka za kampani zimakuuzani kuti eni ake akhala akupindula, basi. Za thumba la munthu wolowa lero ku Chibavi sizinenapo kanthu.

Ndisawanamizire. Makampani amene ndatchulawa amagulitsa katundu weniweni, ndipo sali chimodzimodzi ndi MMM ya Sergei Mavrodi, imene idagwa ku Russia mu 1994 n'kudzaliritsanso anthu ku Zimbabwe ndi ku Nigeria mu 2016. Kumeneko kudalibe sopo kapena khofi, ndalama za olowa lero zinkalipira olowa dzulo. Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza za zoterezi. Vuto n'lakuti malire pakati pa ziwirizi ndi opyapyala, ndipo ena amaika botolo la mankhwala patsogolo kuti piramidi ioneke ngati sitolo. Aliponso anthu amene amapezadi kangachepe chifukwa ali ndi makasitomala okhazikika. Amenewo ndi ogulitsa enieni, ndipo akadapindulanso akadagulitsa zitenje za ku Tanzania.

Pali chinanso chathu chokha kuno. Katunduyu amachokera kunja, mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja udalumpha, koma malipiro a makasitomala anu a ku Mchengautuwa ndi ku Zolozolo sadalumphe nawo. Khofi wa m'timapaketi wodula chonchi mudzamugulitsa kwa yani, mumzinda umene khofi wake amadziwika mpaka kunja kwa dziko? Za mankhwala ochiza shuga, BP ndi khansa pakamodzi, chonde musazibwereze kwa munthu wodwala. Wina akhoza kusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu anu.

Mukakumana ndi alamu anuwo, musakangane nawo za America. Afunseni mwaulemu kuti mwezi wathawu adagulitsa katundu wa ndalama zingati kwa anthu amene si mamembala. Afunseni zimene zidatsala atachotsa ya thiransipoti, ya bandulo, ya matikiti a misonkhano ndi katundu amene amagula mwezi ndi mwezi kuti ma points, amene kampani imawerengera bonasi, asafe. Muwafunsenso ngati kampani imabweza ndalama munthu akabweza katundu, ndipo akuonetseni pamene zalembedwa. Mwina iwonso sadaziwerengepo, ndiye musawachititse manyazi pagulu. Khalani nawo awiri ndi kope ndi cholembera.

Ndalama yolowera musaitenge ku banki mkhonde kapena kwa a katapila, chifukwa chiwongoladzanja sichidikira downline. Ngati sopoyo mwamukonda ndipo mtengo mukuukwanitsa, muguleni kwa alamu anuwo ngati kasitomala wamba. Kutero sikufuna kulembetsa dzina kulikonse.