Besi ya limba la m'tchalitchi: yambani mwadziwa noti yotsikitsitsa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake manoti a kumapazi a limba lanu lamagetsi samveka pomwe masipika ndi akuluakulu, komanso ngati kukhoma subwoofer (bokosi la sipika ya besi yokha) yanuyanu kungathandize. Kungathandize ndithu, koma musanadule thabwa yang'anani kaye masitopu a kumapaziko, mabatani osankhira mtundu wa mawu aja. Ngati wotsikitsitsa walembedwa 16', C wapansi ali pa 32.7 Hz (Hz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi; nambala ikachepa, mawu atsika). Pakakhala 32', amatsika mpaka 16.4 Hz. Masubwoofer ambiri a bandi amayamba kufooka cha pa 40 Hz, poti anawapangira ng'oma ndi gitala ya besi. Nchifukwa chake mukumva mluzu wokha, thunthu la mawu palibe.

Limba limavutanso pena. Ng'oma imagunda nkusiya, pomwe woimba limba amaponda noti imodzi nkuigwira mpaka mzere wonse wa nyimbo uthe, ndiye koyilo ya m'sipika imatentha osapuma. Komanso mukatsika ndi okitevu imodzi (monga kuchoka pa C kufika pa C wapansi pake), sipika iyenera kuyenda mtunda wowirikiza kanayi kuti mawu akhale pa mphamvu yomweyo. Choncho musakopeke ndi mawati olembedwa pakatoni. Funani sipika ya mainchesi 18 yokhala ndi Fs (pomwe sipika imanjenjemera mwachibadwa) ya pakati pa 20 ndi 25 Hz, ndi Xmax (mtunda womwe imatha kuyenda bwinobwino) yosachepera 15 mm. Manambala ake alowetseni mu WinISD, pulogalamu yaulere, ikuuzeni kukula kwa bokosi.

Tinene kuti latuluka la malita 250. Kuti lichunidwe pa 20 Hz, paipi yotulutsira mpweya ya 15 cm m'mimba mwake ikhale yotalika pafupifupi 42 cm. Ngati mulibe 32', chunani pa 28 Hz, paipi yomweyo ikhale 16 cm basi, mawu adzakula bwino. Milomo ya paipi muisalaze mozungulira, apo ayi idzapemerera fuu pa noti zazitali. Bokosi likhale la pulayiwudi ya 18 mm, kutsogolo muphatikize ziwiri, mkati muike mipiringidzo pa 30 cm iliyonse, ndipo guluu afike paliponse polumikizira. Kabowo kakang'ono komwe kamaliza likhweru.

Chimene chimapha masipika ambiri ndi ichi: noti ikatsika kupitirira pomwe mwachunira, mpweya wa m'bokosi sugwiranso sipika, imangokupiza mpaka kung'ambika. Ikani high-pass filter, chotsekereza mawu otsikitsa, pansi pang'ono pa pomwe mwachunirapo, ndi limiter, choletsa mphamvu kupyola malire, pa ampulifaya. Crossover, yogawa mawu pakati pa subwoofer ndi masipika enawo, iyambire pa 80 Hz. Besi ikazimirira cha pamenepo, sinthanitsani mawaya ofiira ndi akuda a subwoofer, mumverenso.

Bokosilo liikeni pansi pakona, makoma amalionjezera mphamvu. Funde la 32 Hz ndi lotalika mamita oposa 10, ndiye pabenchi ina besi idzagunda pachifuwa, pa ina zii. Wina aponde noti imodziimodzi inu mukuyenda m'tchalitchi monse, muzisuntha bokosi mpaka zifanane. Mukamva kunjenjemera musafulumire kunena sipika, kawirikawiri amakhala magalasi a mazenera kapena siling'i yomasuka.