Achemwali, za nsalu zikumatuka pa thabwa zija

Achemwali, ndamva funso lanu, loti mwamata zidutswa za kaunjika pa thabwa kuti mupange chithunzi, koma zina zikumatuka ndipo thabwalo lapindika. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungatalike.

Poyamba onani kansalu kolembedwa kaja, ka pakolala kapena m'mbali mwa chovala, kuti mudziwe mtundu wa nsaluyo. Guluu woyera wa matabwa, wa PVA uja, amagwira bwino kotoni ndi jinzi chifukwa ulusi wake umamwa. Poliyesitala ndi nayiloni sizimwa ayi, guluu amangouma pamwamba, mukakoka pang'ono n'kusendeka. Zoterozo muzisokerere kaye pa nsalu ya kotoni, ndiye mumate kotoniyo.

Musanadule, chapani ndi sopo, mutsukuluze bwinobwino. Mankhwala ofewetsa zovala aja musathire, amakuta ulusi, guluu n'kulephera kulowa. Ziume, musite. Zofiira ndi jinzi yakuda muziyese: nyowetsani kansalu koyera, mutikitepo. Kakasintha mtundu chapaninso, apo ayi zidzasulukira pa zoyera zikangonyowa ndi guluu.

Tsono kasakanizidwe. Nsalu yopyapyala, masipuni 3 a guluu, sipuni 1 ya madzi. Jinzi, musathire madzi. Pakani ndi burashi pa thabwa, osati pa nsalu, ndipo pang'ono chabe, chifukwa akachuluka amatulukira pamwamba n'kusiya banga lonyezimira lomwe silichoka. Mukamata, yalani pulasitiki, musanjike thabwa lina ndi zolemera, mudikire maola 24.

Kupindikako n'chifukwa thabwa lamwa madzi mbali imodzi. Tengani pulayiwudi ya mamilimita 9, mupake guluu wothira madzi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, iume, ndiye muyambe ntchito.

Mabatani ndi zipi musadalire guluu, boolani thabwa mumange ndi kawaya kumbuyo. Penti ikhale ya akiriliki, yosungunula ndi madzi ija. Ya mafuta ikapakidwa pa nsalu yosakonza imaifumbutsa pakapita nthawi.

Komanso achemwali, podula musathamangire pabwino pokhapokha. Pa bondo poperepeseka, pa thumba pomwe pasuluka mpaka kuonekera mpomwe pankakhala chikwama, msoko wokhuthala wa m'mbali, zimenezo ndiye zimakometsa chithunzi, penti singakupatseni. Dulani motsatira msoko, msokowo ukhale mzere wa chithunzi chanu.

Mukamaliza, kumbuyo mukhomere timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pakati pa chithunzi ndi khoma, chingachite nkhungu. Ndipo musachipachike pofika dzuwa, mitundu imasuluka. Munditumizire chithunzi cha zomwe zamatukazo ndione kuti ndi nsalu yanji.