Ndikamutuma mwana akubwera ndi sopo yekha

Funso: Anti, ndine mayi wa ku Chibavi, mwana wanga ali sitandade 4 koma ndikamutuma pa okala kuti akagule sopo, mchere, machesi ndi tomato akumabwera ndi sopo yekha nkumandiyang'ana misozi ili chilengelenge. Masamu obwereka aja amasokonezeka pakati. Bambo ake akuti ndi matama, akufunika chikwapu. Nditani?

Yankho: Mayi, chonde chikwapucho asachigwire, zandikhudza kwambiri. Mu ubongo muli kamalo kogwirizira zinthu kwakanthawi pomwe tikuzigwiritsa ntchito, pachingerezi amati working memory. Katswiri wa ku America Nelson Cowan analemba mu 2001 kuti munthu wamkulu amagwira zinthu pafupifupi 4 pakamodzi, mwana ndiye zochepera pamenepo, ndiye inu mwamupatsa zinayi, panjira wakumana ndi kabaza, anzake amuitana, basi zathawa. Si matama ayi.

Muzimutuma ziwiri kaye, azibwereze mokweza musanamupatse ndalama, zikachuluka alembe yekha pa kapepala. Pa homuweki wayilesi izimitsidwe, masamu aziwerengera ndi nyemba kapena zitsekerero za botolo ndipo akabwereka 1 alembe pompo, asamusunge m'mutu. Aphunzitsi apempheni amukhazike kutsogolo, malangizo aziwalemba pa bolodi.

Azigonanso msanga, ndipo kuzizira kwa Mzuzu kuno asamapite kusukulu opanda kaphala m'mimba. Mukaona teremu yatha zisakusintha pitani naye ku Mzuzu Central Hospital akamuyeze makutu ndi maso, kapena ku chipatala cha St John of God mukafunse za ana ovutika kuphunzira. Bambo akenso mupite nawo akamve okha.