Timu yanu ikusowa oponya mpira, nanga yatengeranji womenya pa draft?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga athu amene akukhala ku America. Analemba kuti: "Ndinayamba kutsata baseball chifukwa cha mwana wanga amene amasewera kusukulu. Timu imene ndimasapota kuno ikungogonja chifukwa oponya mpira ake ndi ofooka, ndipo aliyense akudziwa zimenezi. Koma itafika draft, mabwana a timu anasiya oponya onse n'kutenga kamnyamata ka zaka 18 komenya mpira, kongomaliza kumene sekondale. Kodi anthuwa akuona zimene tikuona ife? Timu imayenera kusankha bwanji?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndikuyankheni mosapsatira: ngati mabwanawo anaona kuti mnyamatayo ndiye anali waluso kuposa onse amene anatsala, anachita bwino, ndipo ine ndikanakhala pampando wawo ndikanachita chimodzimodzi. Ndikudziwa kuti zikuwawa, chifukwa amene mumakhala pa TV usiku ndi usiku n'kumaona timu ikutaya masewera ndinu. Koma draft si mankhwala a bala la lero.

Kwa amene sadziwa, draft ndi nthawi imene matimu 30 a Major League Baseball amasankha mosinthana anyamata amene sanayambe kusewera molipidwa. Inayamba mu 1965, ndipo woyamba kutengedwa anali Rick Monday, amene anapita ku Kansas City Athletics. Masiku ano imachitika mu Julayi ndipo ili ndi maraundi 20. Amene amalowamo ndi a ku America, Canada ndi Puerto Rico: omaliza sekondale, a m'makoleji a zaka ziwiri, komanso a m'mayunivesite amene atha zaka zitatu kapena akwanitsa zaka 21. Anyamata a ku Dominican Republic, Venezuela ndi maiko ena sadutsa kumeneku, amasainidwa mwa njira ina. Ndi njira imeneyo imene anadzera Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene mu 2017 anakhala woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yayikuluyi, atavala yunifomu ya Pittsburgh Pirates. Matimu amene achita moipa amasankha koyambirira, ngakhale kuti kuyambira draft ya 2023 malo 6 oyamba amachita kuwachitira maere.

Tsono nkhani yagona pa nthawi. Ife amene tinakulira pa mpira wamiyendo tinazolowera kuti timu ikagula wosewera Lachitatu, Loweruka timuona m'bwalo. Ku baseball sizili choncho. Mnyamata akasankhidwa amayamba kaye kumatimu aang'ono a kalabu yomweyo, n'kumakwera pang'onopang'ono: Single-A, High-A, Double-A, Triple-A, kenako ligi yayikulu. Wochokera ku yunivesite amatha zaka ziwiri kapena zitatu ali m'njira, wochokera ku sekondale zinayi kapena zisanu, ndipo ambiri safika n'komwe. Ndiye taganizani. Mukatenga woponya lero chifukwa timu ikusowa oponya, pamene azidzafika mwina vuto lidzakhala litasamukira kwina, oponya alipo mbwee, koma palibe womenya. Zili ngati munthu amene ndiwo zamuthera madzulo ano n'kuthamangira kukafesa mpiru kudimba. Kufesa n'kwabwino, koma nsima ya lero sidyera mpiru umenewo. Dzenje la chaka chino timu imalitseka posinthana osewera ndi matimu ena kapena posaina amene makontirakiti awo atha. Ndipo mukakhala ndi anyamata aluso ambiri pamalo amodzi, limenelo si vuto, chifukwa ndi omwewo amene mumakasinthitsa ndi woponya amene mukumufunayo.

Mbiri ya draft yadzaza ndi matimu amene anasiya waluso pa zifukwa zina n'kudzalira pambuyo pake. Mu 1966 New York Mets inali yoyamba kusankha, inatenga catcher (wowakha mipira kumbuyo kwa womenya) wa ku sekondale, Steve Chilcott. Wachiwiri anali Reggie Jackson, amene anadzamenya ma home run (mipira yoitumula mpaka kunja kwa mpanda wa bwalo) 563. Chilcott anavulala phewa ndipo sanapondepo mu ligi yayikulu. Mu 2004 San Diego Padres inatenga Matt Bush, mwana wa mumzinda momwemo amene sakanavuta pa ndalama, ndipo Detroit Tigers, imene inali yachiwiri, inatola Justin Verlander, amene anadzakhala mmodzi mwa oponya odziwika kwambiri.

Koma kunena kuti "tengani waluso kuposa onse" n'kosavuta. Chovuta ndi kumudziwa ali ndi zaka 18. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Matimu ali ndi anthu osaka osewera, ma scout, amene amayenda m'mabwalo a masukulu chaka chonse. Mukapita kukaonerera mwana wanu, yang'anani kumbuyo kwa catcher, kuseri kwa ukonde. Mukaona bambo atakhala phee ndi kabuku pamwendo, wotchi yoyezera liwiro m'dzanja ndi kachida koyezera kuthamanga kwa mpira, ameneyo ndiye. Saombera m'manja, sakuwa. Mnyamata akamenya mpira, iye amadina wotchi, ndipo phazi likangoponda base yoyamba (malo oyamba amene womenya amathamangirako) amadinanso. Womenyera kumanja akatha masekondi 4.3, ndiye kuti liwiro lake ndi lapakatikati pa muyezo wa ligi yayikulu. Amapereka malikisi kuyambira 20 mpaka 80, pomwe 50 ndiye pakati, pa zinthu zisanu: luso lomenya mpira, mphamvu yoututumula kutali, liwiro, kuwakha, ndi mphamvu ya mkono poponya. Masiku ano pamabwera ndi makina oyeza liwiro limene mpira wachokera nalo pa bat komanso mmene ukuzungulirira ukaponyedwa.

Pa zisanuzi, ine ndimaika patsogolo luso lomenya. Ndi lovuta kuliona, ndiponso lovuta kuliphunzitsa. Mphamvu zimabwera thupi likamakhwima, koma diso losiyanitsa mpira woyenera kumenya ndi woyenera kuusiya, mnyamata amene alibe pa zaka 20 kawirikawiri sadzakhala nalo. N'chifukwa chake sindigomera home run yaitali imene yafala pa intaneti. Ndimafunsa kuti amaphonya kangati, nanga amathamangira mipira yopita kunja kangati. Pali msampha winanso: m'masukulu ndi m'makoleji amamenyera ma bat achitsulo, amene amalira "ting!" ndipo mpira umauluka ngakhale sunamenyedwe pakati. Kwa olipidwa ndi bat yamtengo basi. Chikomekome cha mkuyu chimenechi chapusitsa matimu ambiri, ndiye ma scout amakonda kukaonera ligi ya m'chilimwe ya ku Cape Cod, ku Massachusetts, kumene anyamata a m'mayunivesite amamenyera yamtengo.

Chachiwiri ndi malo amene amasewera. Shortstop (pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu), catcher ndi center field (pakati pa mbali yakunja ya bwalo) ndi malo ovuta, ndipo amene angawakwanitse ndi ochepa. Shortstop akanenepa kapena liwiro likachepa, mutha kumusunthira ku base yachitatu, yachiwiri kapena kunja. Koma mnyamata amene ali kale pa base yoyamba ali ndi zaka 18 alibenso kolowera, ayenera kumenya modabwitsa kuti apindulitse timu. Mukaona timu yanu yatenga ma shortstop atatu chaka chimodzi, musadabwe. Sikuti onse adzasewera pamenepo.

Chachitatu, chimene ambiri amachinyozera, ndi msinkhu. Mnyamata wa zaka 17 amene akupambana anzake a zaka 18 ndi 19 ndi wosiyana kwambiri ndi wa zaka 19 amene akupambana ana. Mike Trout anali ndi zaka 17 pa draft ya 2009. Ankachokera ku Millville, ku New Jersey, dera lozizira kumene nyengo yosewera ndi yaifupi poyerekeza ndi ku Florida, Texas kapena California, ndipo matimu ambiri ankakayikira anyamata a kumeneko poti sakumana ndi otsutsana nawo amphamvu. Mayina 24 anatchulidwa iye ali chikhalire, mpaka Los Angeles Angels inamutenga pa nambala 25. Anadzakhala wosewera wopambana onse mu American League (limodzi mwa magawo awiri a ligi yayikulu) katatu, mu 2014, 2016 ndi 2019. Nkhani imeneyi imandikhudza nthawi zonse, chifukwa luso linali poyera, koma anthu anayang'ana kumene mwanayo akuchokera m'malo moyang'ana mwanayo.

Tibwere kwa oponya, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Mkono wa munthu sunalengedwe kuti uziponya mpira pa liwiro la makilomita 150 pa ola kambirimbiri. Mtsempha wa m'chigongono umaduka, ndipo opaleshoni yake, imene imadziwika ndi dzina la Tommy John, woponya amene anayamba kuchitidwa mu 1974, imamukhazika munthu pansi chaka chathunthu kapena kupitirira. Houston Astros inalawa kuwawa kotenga woponya koyambirira zaka ziwiri zotsatizana. Mu 2013 inali yoyamba kusankha, inatenga woponya wa ku Stanford, Mark Appel, amene aliyense ankati ndi wokhwima kale. Chicago Cubs inatenga womenya, Kris Bryant, amene mu 2016 anaithandiza kutenga chikho chachikulu cha ligiyi, cha World Series, chimene inachisowa kuyambira 1908. Appel anadzafika mu ligi yayikulu mu 2022, ali ndi timu ina. Mu 2014 Astros inatenganso woponya, Brady Aiken wa ku sekondale, koma madokotala atamuyeza chigongono anakayikira, sanagwirizane pa ndalama, ndipo sanasaine. Chaka chotsatira Aiken anachitidwa opaleshoni ija. Astros inapatsidwa malo achiwiri mu 2015 ngati chipepeso, n'kutenga womenya, Alex Bregman, amene anadzakhala katswiri wa timuyo.

Musandimve ngati ndikuti woponya asamatengedwe koyambirira. Akapezeka wa mtundu wa Stephen Strasburg mu 2009, kapena Paul Skenes amene Pirates inamutenga woyamba mu 2023 kuchokera ku Louisiana State University n'kumupatsa madola 9.2 miliyoni, mumatenga osaphethira. Skenes pofika Meyi 2024 anali kale mu ligi yayikulu. Ndiponso lamulo louma la "wa ku sekondale ayi" nalo limapweteka. Mu 2002 Oakland Athletics inkakonda a ku yunivesite okhaokha, ndipo inatenga Nick Swisher pa nambala 16 ndi Joe Blanton pa 24, osewera abwino ndithu. Koma amene anatsatira pa 17 ndi pa 25 anali oponya a ku sekondale, Cole Hamels ndi Matt Cain, ndipo onse awiri anadzanyamula matimu awo mpaka pa chikho. Chimene ndikunena n'chakuti womenya ndi woponya akafanana luso, pa chisankho choyamba tengani womenya, oponya muwatole ambiri m'maraundi otsatira, podziwa kuti ena adzavulala m'njira.

Pali mbali ina imene sioneka pa TV, ya ndalama. Kuyambira 2012 timu iliyonse imapatsidwa thumba la ndalama zosainira anyamata a m'maraundi 10 oyamba, ndipo malo aliwonse ali ndi mtengo wake. Mukapyola thumbalo pang'ono mumalipira chindapusa, mukapyola ndi zoposa 5 peresenti mumalandidwa chisankho choyamba cha chaka chotsatira. Koma mkati mwa thumbalo mumagawa mmene mukufunira. Astros yomweyi inasewera bwino mu 2012: inatenga shortstop wa zaka 17 wa ku Puerto Rico, Carlos Correa, n'kumupatsa madola 4.8 miliyoni pamalo a 7.2 miliyoni. Zotsalazo inakopera Lance McCullers Jr., woponya wa ku sekondale amene matimu ena ankamuopa poganiza kuti apita ku yunivesite. Onse awiri analipo pamene timuyi inatenga chikho mu 2017. Kusiyana kwake ndi nkhani ya Matt Bush n'kwakuti Correa anali m'gulu la aluso enieni a chaka chimenecho, ndipo ndalama zopulumutsidwazo zinagula luso lina, sizinabwerere m'thumba la mwini timu. Choncho musaweruze draft ndi dzina loyamba lokha. Onani amene atengedwa pa raundi yachiwiri, yachitatu ndi yachinayi, mwina oponya amene mukuwalirawo ali pamenepo.

M'maraundi akumapeto ndimafuna timu izifunafuna chinthu chimodzi chachikulu mwa mnyamata, osati wapakatikati pa zonse. Jacob deGrom ankasewera shortstop ku Stetson University asanayambe kuponya, ndipo Mets inamutenga pa raundi 9 mu 2010 chifukwa cha mkono. Mookie Betts anatengedwa pa raundi 5 mu 2011. Albert Pujols anadikira mpaka raundi 13 mu 1999, munthu wa nambala 402, koma atatu onsewa anadzakhala akatswiri otchuka. Apa ndi pamene scout wa m'dera, amene wacheza ndi aphunzitsi ndi makolo a mnyamata, n'kumuona mmene amachitira tsiku limene zinthu zamukanika, amaposa kompyuta. Ndipo timu iyenera kudzidziwa yokha: ngati makochi ake a m'matimu aang'ono amadziwa kuwonjezera liwiro kwa oponya, itenge amene amalunjika bwino ngakhale alibe liwiro. Ngati sadziwa, isadzinamize.

Za mnyamata wanuyo, achimwene, musamuyang'ane chaka chino, ndipo manambala ake a miyezi yoyamba asakukwezeni mtima kapena kukugwetsani ulesi. Muzingoona zinthu ziwiri pa tsamba la timu yaing'ono imene ali: akuphonya kangati poyerekeza ndi ma walk (kupita pa base yoyamba chifukwa woponya walephera kulunjika kanayi) amene akupeza, komanso ngati akadali pamalo ovuta aja kapena amusuntha kale. Mayeso enieni adzakumana nawo ku Double-A, kumene oponya amatha kuponya mpira wokhota nthawi imene womenya akuyembekezera wowongoka. Akadzafika kumeneko ali ndi zaka 20 kapena 21 n'kumamenyabe, mudzandilemberenso, tidzakambirane za malo amene adzasewere mu timu yayikulu.