Za lendi ndi chakhumi, ine zinandionekera

Achemwali amene mwafunsa kuti muyambe lendi kapena chakhumi, ndawerenga makomenti onse mpaka manja akunjenjemera, makamaka awa akukuuzani kuti kakongoleni bola musabere Mulungu. Ndineneretu kuti ine ndine Mkhristu, ndimapemphera mpaka lero, nde wina asabwere pansipa kudzanena kuti ndatumidwa ndi satana. Koma mawu omwewo oti kakongoleni ndi amene anandigwetsa ine ndipo chilonda chake sichinapole.

Ine ndine telala, ndili pa makina kuyambira 2011, ndinkasokera pakhonde la golosale ku Chilobwe konkuno ku Blantyre. Mpingo wake sinditchula, eni ake akudziwa. Zaka 7 ndili mmenemo chakhumi changa sichinkaphonya, ndikasoka dilesi ya K8,000 pompo ndinkachotsa K800 kuponya mkachitini ndisanachotse olo za ulusi, zipi ndi lainingi, poti anatiphunzitsa kuti chakhumi chimachoka pa chilichonse chalowa mmanja osati pa phindu. Yunifomu ya kwaya anthu 32 ndinasoka ine ulele, makatani a kuguwa ine, a kunyumba kwa abusa ine, madilesi a mayi busa a misonkhano ine, ndimvekere ndi luso limene Mulungu anandipatsa ndimutumikire nalo. Lachitatu mapemphero a masana, Lachisanu ochezera, Loweruka kukolopa tchalitchi, makina ali ovundikira makasitomala akubwerera ndi nsalu zawo kupita kwa ena. Sindinkadandaula, ndinkachita ndi mtima wonse.

Nde mu 2022 kwacha itagwa mu May muja zinthu zinakwera ku Limbe, anthu anasiya kusoketsa, ndalama inayamba kuvuta. Chakumapeto kwa chaka abusa analengeza mbewu ya nsembe yoti tiwagulire galimoto, akuti mtumiki wa Mulungu sangamakwere kabaza pamene ana ake alipo. Anayamba kuitana a K200,000 abwere kutsogolo, kenako a K100,000, nyimbo ikulira pansipansi, akuti pali mayi wina muno bizinesi yake yamangidwa ndipo lero ndi tsiku lake lomasuka. Ine misozi ili chuchuchu ndinadzuka. Ndinalibe olo K10,000 mnyumba. Mawa lake ndinapita kwa bambo wina wa katapila, K100,000 kubweza K150,000 pakutha pa mwezi, mwezi unatha ndilibe, inabereka, inaberekanso, mpaka anabwera kudzanyamula makina anga a ovaloko anthu akuona. Januwale ndi Febuluwale 2023 chakhumi sindinapereke, ndikuvomera, chifukwa kalikonse kamene ndinkapeza kankapita kwa bambo uja ndi ku fizi ya mwana wanga woyamba amene anali Fomu 4.

Kenako namondwe wa Freddy. A ku Blantyre mukudziwa, sindikufuna kukumbutsa anthu maliro. Mvula ija inagwa osalekeza, nde usiku uja wa mu Malichi tinangomva chiphokoso kuchokera kuphiri la Soche ngati malole ambiri akutsika nthawi imodzi, magetsi kulibe, matope ndi miyala kulowa mnyumba khoma lakumbuyo nkugwa. Ndinabereka wamng'ono, awiri enawo ndinawakoka pamanja, tinatuluka ndi zovala za mthupi basi. Makina anga otsala, nsalu za makasitomala, kachitini kaja, zonse zinapita. Tinakagona ku kampu pasukulu, pasimenti mkalasi, ana akutsokomola usiku onse.

Patatha masiku 5 ndinamva kuti abale a mpingo wathu amene ali ku Joni atumiza ndalama ndipo kwa abusa akugawa ufa ndi mabulangete. Ndinayenda wapansi ndi mwana wanga wa Fomu 4 uja, ine chitenje chimodzi chonyowa, kuphazi patapata zopatsidwa ina yofiira ina yabuluu. Tinapeza anthu pakhonde ali pamzere, enawo ndinkaimba nawo limodzi. Itafika nthawi yanga mlembi anatulutsa buku lija lakuda la chakhumi, nkunyowetsa chala ndi malovu, kumatsegula tsamba limodzilimodzi mosafulumira, ine ndaima pamenepo madzi akudontha mchitenje. Kenako mokweza anthu onse akumva, mayi Januwale mulibe, Febuluwale mulibenso. Abusa anali pampando wa pulasitiki foni ili mmanja, sanadzuke, sanafunse kuti ana ali bwanji kapena mukugona kuti. Anangoti mwana wanga Malaki 3 ndi yomveka, ukatseka dzanja wolusa amalowa, uthokoze kuti Mulungu wangokuchenjeza ukanatha kufa. Akunena zimenezo galimoto ija ili pomwepo pansi pa shedi yotsukidwa bwinobwino pamene Chilobwe yense ali matope, ndipo pawindo kumbuyo kwawo kukulendewera makatani amene ndinasoka ine usiku ndi kandulo. Anati thandizo liyamba ndi mamembala okhulupirika, zikatsala adzandiitana. Anandigwira pamutu nkundipempherera kuti mzimu wakuba uchoke. Mzimu wakuba abale, ine.

Ndinati amen. Chimandiwawa kwambiri ndi chimenecho, ndinati amen nkunena zikomo papa. Mwana wanga sanayankhule njira yonse, tikufika pafupi ndi kampu anangoti amayi ngati Mulungu wake ndi ameneyu ine ayi. Mpaka lero mnyamata ameneyo salowa mtchalitchi, olo ukwati amadikira panja. Makina ndinapeza ena, nyumba ndinapeza ina, koma munthu ameneyu anandibera mwana wanga ndipo sindidziwa ngati adzabwerere.

Ndipo ndimafuna tsiku lina ndidzawafunse abusawo maso ndi maso, neba wanga amene anapita ndi matope pamodzi ndi ana ake awiri, mayi woti emvulopu yake sinkaphonya ndi mwezi umodzi omwe kumpingo kwawo, iyeyo wolusa analowera pati? Anthu onse anafa ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, onsewo anali ndi ngongole ya chakhumi? Anthu amenewa amadziwa vesi imodzi yokha. Bwanji sawerenga Deuteronomo 14 vesi 28 ndi 29 pamene chakhumi cha chaka chachitatu chinkasungidwa mmudzi kuti adye Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye? Nyumba yosungiramo imene amaikonda pa Malaki ija inali yoti mukhale chakudya, nanga tsiku la njala chakudyacho chikatsekeredwa ndi buku ndiye kuti chiyani? Ambuye Yesu yemwe pa Mateyu 23 vesi 23 anakalipira anthu opereka chakhumi mpaka cha timbewu ta mdimba koma atasiya chilungamo ndi chifundo. Foni yoti zatsala bwerani sinabwere mpaka lero, koma uthenga wokumbutsa za chopereka cha Pasaka unafika pa WhatsApp ndili ku kampu komweko.

Amene anandithandiza ndi amayi a Mvano a CCAP oti sankandidziwa ndi dzina lomwe, anabwera ndi ndowa, ufa ndi zitenje osafunsa kuti mumapemphera kuti. Ndi kasitomala wanga wina mayi wachisilamu anandibwereka makina ake akale opalasa ndi phazi, akuti muzisokera mudzabweza mukadzaimirira. Ndi amene ndinayambiranso nawo.

Nde achemwali mverani ine, lendi lipirani. Landilodi akakutulutsani katundu panja palibe wa mugulupu muno adzakusungeni ndi ana anuwo, ndipo 1 Timoteo 5 vesi 8 ikunena poyera za munthu wosasamala a pabanja pake. Kwa katapila musapondeko, olo ku banki mkhonde musatenge ndalama yoti mukaike mu emvulopu, ndalama yangongole si yanu. Komanso ngati muli pa geni werengerani pa phindu, mpamba si wodya, ine ndinkadya mpamba wanga ndikuyesa ndikutumikira. Nthawi yanunso muziiwerengera, tsiku la ntchito likhale la ntchito, luso lanu mukapereka ulele muzipereka mwafuna nokha osati chifukwa akutchulani kutsogolo.

Koma chakhumi chokha musasiye chonde, olo mwezi uno. Ine pano ndili mpingo wina waung'ono ndipo ndinayambiranso, ndikalandira ndalama ndimayamba kuchotsa ya Mulungu ndisanagule ndi mchere omwe, mwezi wathawu lendi ndinapereka yoperewera K15,000 koma kachitini sindinakakhudze. Mwina wina ati nanga si zomwezo, kaya, koma ine ndikapanda kupereka mtima sukhala mmalo ndipo ndaona ndekha kuti miyezi imene ndapereka ndalama imakhalitsa mmanja. Amene anandilakwira ndi munthu, Mulungu anatitulutsa anayi tonse amoyo mmatope muja. Kusiyana kwake nkoti pano dzina pa emvulopu sindilemba, sindidzalowanso mbuku la munthu, ndipo mpingo umene sawerenga lipoti la ndalama pamaso pa anthu ine sindikhalamo. Kwanuko kafunseni kuti ndalama zimayenda bwanji ndipo wovutika amathandizidwa bwanji, muone nkhope zawo mmene zisinthire.

Landilodi wanuyo musamuthawe, pitani nokha madzulo ano ndi imene muli nayoyo mukamuuze tsiku lenileni lomalizira yotsalayo, ambiri amamva ukabwera wekha asanakutsate. Ndipo ngati abusa anu ayamba kale zokuopsezani ndi wolusa, ana anu asamve nawo, asiyeni kunyumba tsiku limenelo.