Funsani a Ticha: Kubalansa ikweshoni ndi mutu wa limiting reagent

FUNSO: A Ticha, ine ndili giredi 11 ndipo Chemistry yandizunguza mutu. Tinapatsidwa H2 + O2 → H2O kuti tibalanse, ine ndinangosintha kumanja nkulemba H2O2, maatomu anafanana bwinobwino mbali zonse koma aphunzitsi anadula ndi bolopeni yofiira. Chinanso, pa mayeso otsekera temu anafunsa kuti 28 g ya nitrogen ikakumana ndi 9 g ya hydrogen kupanga ammonia, limiting reagent ndi iti? Ndinati hydrogen poti ndi yochepa, apanso ziro. Kodi 9 si yochepa kuposa 28? Ndithandizeni mayeso a ECZ, bungwe la mayeso kuno ku Zambia, asanandipeze. Mtsikana wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Mwana wanga, aphunzitsi ako sanakulakwire konse, tiye tiyambe ndi madziwo. H2O ndi madzi akumwa, H2O2 ndi hydrogen peroxide, ija amagulitsa ku famase yomwe imatulutsa thovu ukaithira pachilonda. Nde iwe unafunsidwa za madzi nkupanga mankhwala ena. Tinambala tating'ono ta m'munsi tija timanena kuti chinthucho ndi chiyani, osatisintha olo zivute bwanji. Chomwe umaloledwa kusintha ndi nambala yaikulu yakutsogolo basi, yankho lake 2H2 + O2 → 2H2O, hydrogen 4 uku 4 uko, oxygen 2 uku 2 uko. Lamulo lake ndi lakale, Antoine Lavoisier wa ku France analilemba m'buku lake mu 1789, kuti zinthu zikamasintha palibe chosowa ndipo palibe chobadwa chatsopano, maatomu amangosinthana malo.

Ikweshoni ikakhala yaitali usathamangire oxygen, amakonda kupezeka paliponse ndipo amasokoneza. Tenga propane, C3H8, mmodzi mwa magasi a mu silinda yophikira, akamayaka amatulutsa CO2 ndi H2O. Carbon alipo 3, ika 3 kutsogolo kwa CO2. Hydrogen alipo 8, ika 4 kutsogolo kwa H2O. Manje werenga oxygen kumanja, 6 wa mu CO2 kuphatikiza 4 wa m'madzi ndi 10, ndiye 5O2. Yatha: C3H8 + 5O2 → 3CO2 + 4H2O. Lemba ndi pensulo, ukamaliza werenganso element iliyonse chifukwa ambiri amabalansa imodzi nkugwetsa inzake osadziwa. Ukapeza nambala ya hafu, monga 6½ yomwe imatuluka pa butane, chulukitsa zonse ndi 2.

Tsopano funso lako lachiwiri, ili ndiye limagwetsa ana ambiri ndipo ndimawamvetsa, maso amaona 9 ndi 28 mutu nkuyankha wokha. Poti uli ku Chipata komwe njinga zili mbwee mumsewu, ganiza makaniko ali ndi mafelemu 10 ndi mawilo 14. Mawilo ndi ambiri eti? Koma njinga imodzi imadya mawilo awiri, nde amanga njinga 7 mawilo atha, mafelemu 3 angokhala. Chomwe chimayamba kutha ndiye limiting reagent, chimaimitsa ntchito yonse, kaya pachiyambi chimaoneka chochuluka.

Vuto lina ndi loti magalamu sawerenga tinthu, amangoyeza kulemera, pomwe ikweshoni imalankhula za kuchuluka kwa mamolekyu. Molekyu ya nitrogen imalemera ka 14 kuposa ya hydrogen, ndiye 9 g ya hydrogen muli khamu lalikulu zedi. Nchifukwa chake timasintha kaye magalamu kukhala ma mole, mole imodzi kukhala tinthu 6.02 × 10^23. Ikweshoni yobalansa ndi N2 + 3H2 → 2NH3. Timagawa magalamu ndi kulemera kwa mole imodzi, komwe ndi 28 g pa N2 ndi 2 g pa H2. Nitrogen: 28 kugawa ndi 28, mole 1. Hydrogen: 9 kugawa ndi 2, ma mole 4.5. Chenjera apa, ndi N2 ndi H2, ukagwiritsa 14 ndi 1 zoziona pa periodic table wasochera kale. Mole 1 ya nitrogen imafuna ma mole 3 a hydrogen, ife tili ndi 4.5, yokwana nkutsalako. Woyamba kutha ndi nitrogen, yemwe uja wa 28 g unkamuona ngati wambiri.

Njira yachidule yomwe ine ndimakonda, gawa ma mole ndi nambala yakutsogolo: nitrogen 1 kugawa ndi 1 ndi 1, hydrogen 4.5 kugawa ndi 3 ndi 1.5, wocheperayo ndiye limiting. Koma onetsa masitepe onse papepala, wochonga amapereka malikisi panjira yomwe wadutsa, osati pa yankho lokha.

Kuyambira pamenepo masamu onse otsala amachokera kwa nitrogen, hydrogen muiwale kaye. Mole 1 ya N2 imapereka ma mole 2 a NH3, mole iliyonse 17 g, ndiye 34 g ya ammonia. Hydrogen wagwira ntchito ndi 6 g, watsala 3 g. Ona 28 kuphatikiza 9 ndi 37, ndipo 34 kuphatikiza 3 ndi 37, zikapanda kukumana chonchi dziwa kuti pena pake palakwika.

Zoona zake kufakitale sizitha bwino chonchi, reaction imeneyi imabwereranso m'mbuyo, gasi wotsala amamuzungulitsa nkumulowetsanso. Ndi njira ija Fritz Haber anaionetsa mu 1909 ndipo Carl Bosch anaifikitsa pa fakitale ku Germany mu 1913, ammonia wake ndi amene amapangira urea yomwe makolo ako amathira m'chimanga. Pa pepala la mayeso tsata zomwe funso lanena.

Yesa iyi usanagone: nitrogen yemweyo 28 g, koma hydrogen 4 g. Ukapeza ammonia pafupifupi 22.7 g ndiye kuti wamva, ukapeza zina nditumizire masitepe ako onse ndione pomwe wakhota.